Nkhoswe ya Mtedza

Lolemba
Ntchito ndi iyi: alimi a kalabu yathu ya mtedza pano pa Nsaru asamavutikenso kubwera ku ofesi kudzafunsa tsiku loyezetsa mtedza. Azifunsa pa foni. Makompyuta awiri a m'chipinda chakumbuyo akusunga mayina ndi masiku. Ya kutsogolo, seva, izilandira mafunso n'kumawapititsa kumbuyoko. Zikayenda pofika Loweruka, ndine wa makompyuta. Zikakanika, ndibwerera ku sikelo.
Wapampando, a Chimphonda, mkulu wa mpingo: "Kodi seva n'chiyani?" Ndati ndi nkhoswe, munthu sulankhula wekha ndi eni mbumba. "Eya, ulemu wake ndi umenewo."

Lachiwiri
Nkhoswe ikupita, ikupeza chitseko chotseka. Pa sikirini pangolembedwa 502, nambala yosonyeza vuto. Ndasintha:
adiresi
waya
adiresi yomweyo, kubwezera yakale
Madzulo ndikupeza kuti mlembi wathu, Mayi Nankhoma, azimitsa makompyuta akumbuyo. "Palibe akukhalapo, angotha batire ya sola."

Lachitatu
Ayaka. Koma kuchedwa kwake! Utumize funso, uphike tiyi, umwe, yankho lisanabwere. Wapampando: "Nkhoswe yanuyi imadzera pa bawo, eti?"
Pa intaneti akuti seva ikhoza kusunga yankho pamtima kuti isamayende ulendo uliwonse. Timizere tiwiri basi tolemba mu seva. Ndakopera. Pansi pake pali chenjezo lalitali, koma bandulo yathera pomwepo.

Lachinayi
Liwiro lake ngati njinga yopanda mabuleki! Woyamba kufunsa ndi wapampando. Yankho: Loweruka m'mawa. Andigwira chanza ndi manja awiri. Mayi Nankhoma akalengeza kwa amayi a mpingo, ndiye kuti pofika madzulo Nsaru yense wamva.
Ndikudziyesa munthu lero. Fumbi la makoko a mtedza ndatsazikana nalo.

Lachisanu
Aliyense wondipatsa moni akunditchulira tsiku lake.
A Mbewe a ku Kabudula: Loweruka m'mawa.
Mayi Naphiri: Loweruka m'mawa.
Aphunzitsi a Kalua, amene salima mtedza: Loweruka m'mawa.
Zachilendo pang'ono. Ndikuti ndikaone, batire yatha, kwachita mitambo tsiku lonse. Mwina zangochitika.

Loweruka
Ngolo. Ngolo zinanso. Njinga, mawilibala, matumba pamutu. Mzere wafika pa chigayo. Sikelo ndi imodzi.
Tsopano ndamvetsa. Nkhoswe idasunga yankho la wapampando n'kumapatsa aliyense. Kumbuyo sinapiteko chiyambire Lachinayi.
Ng'ombe za a Mbewe zang'amba thumba la Mayi Naphiri. Iwo akukuwa: "Ndasiya maliro a mlamu wanga chifukwa cha foni!" Amenewo ndiwo andilasa mtima.
Wapampando: "Nkhoswe yaulesi timaichotsa, banja lisanathe." Azula waya ndi dzanja lawo.
Ndikuyeza mtedza mpaka dzuwa kulowa. Theka la anthu abwerera ndi katundu wawo.

Lamulungu
Timizere tolakwika ndikutidziwa. Kufufuta kwake n'kosatenga nthawi. Wofuna kumva palibe, ndipo sindikuwadabwa.
Komiti yakumana titatuluka m'tchalitchi. Chigamulo: ku sikelo sindibwerera, akuti maphunziro anga asapite pachabe. Seva ilowe m'katoni. Makompyuta akumbuyo akhale. Alimi aziimba foni yanga, ndizilandirira pakhonde poti netiweki imagwira pomwepo, ndizipita kuchipinda chakumbuyo kukawerenga tsiku, n'kubwerera kudzayankha.
"Funso lililonse ulendo wakewake," atsindika a Chimphonda. "Osasunga pamtima."
Ndapempha mpando. Akuti ndiukhalira nthawi yanji.