Zolembela Zimene Sindinabweze

Lolemba
Ndikuyamba ntchito imene ndinalonjeza gulu la alimi a madimba ku Nyampande: pulogalamu yojambula malile a madimba pa kompyuta, kuti mikangano ithe. Ndionetsa Loweluka. Pamsonkhano ndinanena poyela kuti munthu amene anaphunzitsa kujambula zaka makumi atatu safuna thandizo. Zolembela ndi zitatu: chofiila cha malile, chobiliwila cha ndiwo, chabuluu cha mtsinje. Si zogwila m'manja ayi. Pulogalamu imazipempha kwa makina nthawi iliyonse imene ikujambula.

Lachiwili
Buku la malangizo likuti ukatha kulemba mzele, cholembelacho uchiwononge. Ndikuwelenga kawili. Kuwononga cholembela chimene chalemba mzele umodzi wokha! Ife tinkasongola pensulo mpaka kutsala ngati njele ya chimanga. Malamulo onse owononga ndikuwachotsa m'pulogalamu, ndipo mtima wanga uli mbee.

Lachitatu
Mapu ndi okongola. Ndikukuza chithunzi, ndikuchichepetsa, ndikuchikuzanso, pongofuna kudzisangalatsa. Patapita kanthawi mtsinje ukusanduka wakuda. Amene ndikuwakayikila: fumbi, kutentha, magetsi, ndi munthu wa ku Petauke amene anandigulitsa kompyutayi. Ndikupukuta kompyuta ndi nsalu.

Lachinayi
Mizele ikusowa umodziumodzi, kenako chilichonse chikuuma gwa. Ndikazima ndi kuyatsanso, chikuchila kwa kanthawi. Amai a kunyumba ali pakhomo akuti, "Bambo, mwatukwana kapena makutu anga?" Makutu awo ali bwino.

Lachisanu
Ndikukwela basi kupita ku Nyimba, kwa Amai Tembo, okonza makompyuta. Anali mwana wanga wa sukulu. Ndinawagwaditsa pa miyala mmawa wathunthu chifukwa chosabweza pensulo m'bokosi la kalasi. Ndikufika pakhomo la shopu, ndikukumbukila miyala ija, ndikupitilila. Ndabwelako ndi mkoko wa nthochi.

Loweluka
Ndavala jekete. Anthu adzaza. Aliyense akufuna kuona dimba lake pafupi, ndiye ndikukuza ndi kuchepetsa. Malile a pakati pa a Mwanza ndi a Phiri, amene anayambitsa mikangano yonseyi, akuzimilila anthu akuona.
A Mwanza akuti, "Ndiye kuti lonse ndi langa. Makina sanama."
A Phiri akuvula chipewa ndi kuchiponya pansi. Phokoso.
Amai Tembo alipo, pakuti amai awo ali ndi dimba. Akuwelama, akuwelenga zimene ndinalemba, akunong'ona: "Aphunzitsi, nthawi iliyonse imene mwakuza chithunzi mwatenga zolembela zatsopano, ndipo simunabweze n'chimodzi chomwe. Bokosi la makina latha. Kuwononga kumene munachotsako ndiko kubweza kwake."
Kenako mokweza, kuti onse amve: "Koma musagwade, aphunzitsi. Maondo akula."
Ngakhale a Phiri akuseka.

Lamulungu
Kutchalitchi ndikukhala kumbuyo. Gulu lagwilizana kuti mapu adzaonetsa ndi Amai Tembo; ine ndidzanyamula kompyuta. Malamulo aja ndawabwezela, ndipo mtsinje ukukhala wabuluu tsiku lonse.
Chilango chiyenela kukhalapo. Ndikudzilamula kulemba kazana: "Chimene ndatenga m'bokosi ndidzabweza." Ndikutenga pensulo yakale m'kabati. Pa mzele wachisanu ndikuona zilembo zozokotedwa ndi mpeni pambali pake, m'kalembedwe kanga: "Ya kalasi. Osapita nayo kunyumba."
Yatsala mizele makumi asanu ndi anayi mphambu isanu.