Mmene Ginasiyo Anavutikira Kuti Akhale Wakuba

M'mudzi wina, umene dzina lake sitilitchula polemekeza mbuzi zonse zimene zinasowamo, akuluakulu anakangana zaka zitatu pa nkhani ya chochita ndi akuba. Bambo Chimpeni, Mkulu Woona za Zikwapu ndi Misozi ya Olakwa, ankati wakuba amamvera m'matako. Mayi Nachisale, Mlembi Wamkulu wa Nthambi Yosintha Mitima, ankati wakuba ndi munthu amene manja ake asowa chochita. Anapambana ndi Mayi Nachisale, chifukwa pa tsiku lovota anabwera ndi dengu la zitumbuwa.

Choncho anatsegula Sukulu Yokonza Akuba. Kumeneko akuba ankaphunzira ukalipentala ndi utelala, kumwa tiyi wamkaka teni koloko, ndipo pomaliza ankalandira satifiketi ndi bokosi la zipangizo. Chaka chisanathe, mkulu wina amene anamaliza nkhuku za mudzi wonse anali ndi shopu yakeyake ya mipando, ndipo nkhuku ankachita kugula.

Zimenezi zinamukhudza Ginasiyo Kamtedza, bambo wa ana anayi amene anali asanatolepo ngakhale bango logwa lokha pampanda wa mnzake. Kuyambira ali mwana ankalakalaka ukalipentala, koma womuphunzitsa analibe. Anavala malaya ake a kutchalitchi n'kupita kukalembetsa.

"Mwaba chiyani?" anafunsa kalaliki wa sukuluyo.

"Palibe, bwana."

"Nanga mukufuna tikukonzeni pati?"

Kunyumba mkazi wake sanamunyengerere. "Abambo a Lonjezo, amuna anzanu akuba n'kutukuka. Inu mwangokakamira mbiri yabwino. Anawa adya mbiri?"

M'mawa mwake Ginasiyo ananyamula bakha wa Mayi Nankhoma, oyandikana nawo nyumba, eniake akuona. Mayiwo anawomba m'manja. "Mwachita bwino kundigwirira, a Kamtedza, ameneyu amathawathawa." Anamupatsa mbatata zomuthokoza. Lachitatu anakwera njinga ya mwini pamsika, n'kumapalasa pang'onopang'ono, akuliza belu kuti anthu asavutike pomugwira. Mwini njinga anangokweza mkono. "Bola mwatenga ndinu. Mukaipopekonso, tayala lakumbuyo laphwa."

Pamapeto pake anamasula tonde wa Bambo Chimpeni, namusenza pamapewa mpaka kubwalo la milandu, akuimba njira yonse. Anadzimanga yekha ndi chingwe cha mbuziyo, kenaka n'kukhala pansi akumwetulira, pensulo ataipanira kale kukhutu.

Tsoka lake, mudzi wonse unabwera kudzamuthandiza. Abusa anachitira umboni kuti munthuyu sajomba mapemphero. Mayi Nankhoma anafotokoza za bakha uku akulira. Ginasiyo ankawatsinzinira diso kuti asiye, koma iwo anayesa kuti naye akulira, ndiye anawonjezera zabwino zina zimene sanachite n'komwe.

"Akuluakulu, ine ndine wakuba," anachonderera. "Mbuzi ndi iyi. Fungo lake ndi ili m'malayamu."

Mayi Nachisale anavala magalasi, natsegula faelo. "Bambo, malo kusukulu kuja anatsala atatu, ndipo tapatsa adzukulu a mamembala a komiti. Iwowo anabwera ndi makalata odinda otsimikiza kuti kuba ndi kwa kumtundu. Inu kalata yanu ili kuti?"

Ginasiyo anayang'ana tonde uja. Tondeyo anayang'ana kumbali.

Apa akuluakulu awiri aja, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mudziwo, ananong'onezana n'kugwirizana chimodzi. Bambo Chimpeni anaimirira, nkhope ikuwala ngati ya mkwati, natulutsa chikwapu chimene chinakhala chaka chathunthu chosagwira ntchito.

"Bwalo lapeza kuti ndinu munthu wabwino," anatero, akupinda mikono ya malaya. "Wakuba timamukonza. Koma munthu wabwino alibe pomukonza. Gonani chafufumimba."