Ndinauza a Tcheyamani Kuti Avine

Ndasankhidwa! Ine Tiwonge wa kwa Mlare ndikupita ku sekondale, sutikesi agula kale, atelala akusoka yunifolomu. Koma musanandiombere m'manja, imvani kaye manyazi amene ndinadzichititsa tsiku limene nkhaniyi inafika, chifukwa mukakaimvera kumsika mupeza ataithira kale nsinjiro.

Sitandade 8 ndakhalamo katatu. Chaka chino adada anandiuza poyera kuti ndi komaliza. Ndikapanda kusankhidwa, khasu likundidikira kumunda wa mpunga, ndipo azakhali anali atayamba kale kutchulatchula za bambo wina wa ku Iponga, wa ng'ombe zambiri ndi mano ochepa.

Chilembereni mayeso, tulo tanga tinasokonekera. Ndinkalota loto limodzimodzi: tili pa asembule, ahedi akuwerenga dzina langa, ine ndikudumphadumpha. Kenako ndinkadzidzimuka, ndipo mavuto ankayambira pomwepo. Maso ali tong'o, denga ndikuliona, koma thupi lonse lili gwa. Dzanja osasuntha, mwendo osasuntha, pachifuwa ngati andisanjika thumba la mpunga wosapuntha. Ndikati ndikuwe, mawu osatuluka. Amama ankati ndi afiti. Amalonda ochokera ku Tanzania anauza adada kuti kwawo chimenecho amachitcha jinamizi.

Amene anandipulumutsa ndi anesi a Nambewe, a ku Dedza, amene amakhala nyumba yoyandikana ndi yathu.

"Si afiti, mwanawe," anatero akuchapa yunifolomu yawo. "Mutu wadzuka, thupi likadali m'tulo, basi. Chikakugwira usalimbane nacho. Uzipuma pang'onopang'ono, uku ukugwedeza chala chachikulu cha kuphazi. Chala chikavomera, thupi lonse litsatira."

Ndinayesa, zinatheka. Nditakawathokoza anandiwonjezera phunziro lina.

"Nanga loto lakolo, bwanji osalizindikira ukadali momwemo? Ukaona pepala kutulo, uliyang'anitsitse. Zilembo za kumaloto sizikhala bwinobwino. Zimangoti mbuu, zina ziwiriziwiri. Ukaona choncho dziwa kuti ukulota, ndipo loto ndi lako, uchite nalo zimene ukufuna."

Abale inu, kukoma kwake. Pasanathe masabata awiri ndinali katswiri. Ahedi akangowerenga dzina langa, ndinkapempha pepalalo, n'kuona zilembo zili mbuu, basi ulamuliro wonse m'manja mwanga. Ahedi ndinkawapatsa tsache kuti asese bwalo. Madamu amene amatimenya ndi lula ankanditungira madzi. Ndikatopa nazo ndinkakwera patebulo, kutambasula manja, n'kuuluka pamwamba pa minda mpaka ku Boma, kuona mabasi ali ting'onoting'ono ngati nyerere. Ndinafika pomakagona dzuwa likangolowa, amama n'kumati mwanayu wayamba makhalidwe abwino.

Ndiye Lolemba lina ahedi anatumiza uthenga kuti tonse amene tinalemba mayeso tifike kusukulu. Titafika tinapeza pambali pa tebulo lawo pali mpando wina, ndipo pampandopo pakhala a tcheyamani a chipani a dera lathu. Jekete yakuda, baji pachifuwa, ndodo yawo ili pamiyendo. Munthu amene akamadutsa pamsika aliyense amadzipapasa m'thumba kuona ngati khadi ya chipani ilimo.

Tinaimba nyimbo, tinapemphera. Ahedi anatulutsa pepala n'kuwerenga mayina a anyamata. Kenako anakonza pakhosi.

"Ndipo patapita zaka zambiri, sukulu yathu yatulutsa mtsikana. Tiwonge."

Anzanga anakuwa, ena anandigwira mapewa. Ine mtima sunagunde n'komwe. Izi ndinali nditazimva kambirimbiri. Ndinayenda mwachifatse mpaka kutsogolo.

"Ahedi, tandipatsani pepalalo."

Anadabwa, koma anandipatsa, mwina poganiza kuti ndikufuna kudzionera ndekha. Kuliyang'ana, zilembo zonse mbuu. Dzina langa lalembedwa kawiri, lina pamwamba pa linzake.

"Ndinadziwa," ndinatero mokweza. "Chabwino, tiyeni tisangalale lisanathe. Ahedi, inu mwasesa mokwanira sabata ino, lero mupume."

"Ndasesa chiyani?"

Maso anga anali kale pa mlendo. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa munthu wamkulu chonchi anali asanalowepo m'maloto anga.

"Koma inu a tcheyamani ndinu achilendo muno. Takulandirani. Taimirirani mutivinireko mapenenga."

Bwalo lonse linati zii. Ndinamva mbuzi ikulira kutali kuseri kwa tchalitchi.

"Wati chiyani, mwana iwe?"

"Mapenenga, bwana. Ndodo muli nayo kale, jekete muli nayo kale. Mapewa m'mwamba, nkhope yonyada. Anyamata inu, tawaomberani m'manja."

Madamu a lula aja anandithamangira n'kundinong'oneza m'Chitumbuka, mano atalumana: "Tiwonge, kasi wafuntha?"

"Sindinapenge, madamu, musadandaule. Inu mubwera pambuyo pawo."

A tcheyamani sanaimirire. Anangondiyang'ana osaphethira. Ndinadabwa ndithu, chifukwa anthu a kumaloto sachita makani. Ndinaganiza kuti loto la lero labwera ndi mwano, bola ndingolisiya ndizipita. Ndinavula mapatapata, kukwera patebulo la ahedi, kuponda kaundula, n'kutambasula manja.

"Tsalani bwino nonse, ine ndapita ku Boma!"

Ndinadumpha.

Kuuluka ndinauluka, koma mtunda wake sunakwane mkono umodzi. Ndinagwa chafufumimba, belu la sukulu linagwa nane limodzi likulira, mchenga m'kamwa, bondo likutuluka magazi. Ndipo linkapweteka. Kumaloto sikupweteka. Ndinangogona pomwepo, maso tsinzinu, ndikugwedeza chala chachikulu cha kuphazi kuti mwina ndidzuke pamphasa yanga. Chala chinavomera bwinobwino, koma kudzuka ayi.

Mu ofesi ahedi anaima patsogolo panga, magalasi atatsetsereka pamphuno. A tcheyamani anakhala pakona. Ine ndinagwada n'kufotokoza zonse ndikulira: za chondipanikiza pachifuwa, za chala, za zilembo.

"Zilembo?" Ahedi anandigwedezera pepala lija pankhope. "Iyi ndi kope ya kaboni, iwe. Ku Boma amataipa mapepala asanu nthawi imodzi, ife a kumudzi amatipatsa lapansi penipeni. Chaka chilichonse limabwera chonchi."

Anatsegula dilowa n'kundionetsa envelopu.

"Kalata yako yokuitana ku sekondale ndi iyi. Situluka muno mpaka a tcheyamani atanena. Akalemba lipoti loti wanyoza chipani, malo ako apita kwa wina, ndipo ine ndemwe ntchito yandithera."

A tcheyamani anaimirira, n'kutenga ndodo yawo.

"Mawa m'mawa, kwathu. Abwere ndi bambo ake."

Kunyumba kunali ngati pamaliro. Amama ankangoti, "Mapenenga, mwana wane? Unasowa china chowapempha?" Azakhali okha ndi amene ankaoneka kuti sanadandaule kwenikweni.

M'mawa adada anagwira tambala wathu wamkulu wopepesera, kumumanga miyendo, n'kumukwapatira. Tinapeza a tcheyamani ali pakhonde, mayi a kunyumba kwawo akupeta mpunga chapafupi. Adada ananjuta n'kuyamba.

"Pepani bwana, mwanayu ndi wanga ndithu, koma mutu wake..."

"Inu bambo, kadikireni pansi pa mango apo. Ndikufuna ndimufunse bwinobwino."

Adada anapita ndi tambala wawo. Ine ndinagwada, ndikuona kale ng'ombe za ku Iponga zikulowa m'khola lathu. A tcheyamani anasuzumira uku ndi uku, kenako anaweramira kwa ine n'kutsitsa mawu.

"Chija unkanena dzulo, chokhala pachifuwa. Chimabwera cha m'bandakucha?"

"Eya, bwana."

"Munthu n'kumaona denga, koma osatha kuitana ngakhale mkazi wako?"

"Chomwecho, bwana."

Anapumira m'mwamba.

"Ine chandizunza zaka ndi zaka. Asing'anga andidyera mbuzi ziwiri. Ndinafika pomaganiza kuti ndi a sekilitale anga akufuna mpandowu. Wati chala chiti?"

"Muwaphunzitse ndithu, mwananga," anatero mayi aja osasiya kupeta. "Ine ndatopa n'kuwagwedeza. Akadzuka amati ndachedwa dala."

Izi si ine ndaulula, mayiwo anazifalitsa kale kuchigayo. A tcheyamani anavula nsapato, anavula sokosi, anayala mphasa pakhonde pomwepo n'kugona chagada, jekete ndi baji zili m'thupi.

"Muzipuma pang'onopang'ono, bwana," ndinayamba. "Ayi, mwafulumira. Yambiraninso."

"Chonchi?"

"Eya. Tsopano chala. Osati phazi lonse, bwana, chala chokha."

"Chikukana."

"Musalimbane nacho. Chinyengerereni."

Chala chinagwedera. A tcheyamani anaseka ngati mwana amene wapatsidwa suwiti, n'kuchigwedezanso, n'kuchigwedezanso.

"Ukawauze ahedi akupatse kalata yako," anatero ali chigonere. "Ukaphunzire, udzakhale nesi. Za mapenenga ndakhululuka, ngakhale kuti pa unyamata wanga ndinkavina kuposa onse kuno. Tiye tibwerezenso."

Mtima wanga unauluka kuposa mmene ndinaulukira patebulo paja. Ndinaimirira, manja m'chiuno, n'kuyamba kulamula mokweza ngati sajeni: "Pumani! Chala! Pumani! Chala!"

Adada atamva kukuwako anaganiza kuti zavuta, anabwera chothamanga. Anangoti kakasi pakona ya nyumba. A tcheyamani a dera lonse ali chagada pamphasa opanda nsapato, ine nditaima pamwamba pawo ndikuwakalipira. Anayang'ana ine, anayang'ana chala, anayang'ana tambala. Kenako anandikodola n'kundinong'oneza:

"Tiwonge, mwana wane, undiuze zoona. Apa ndili maso, kapena inenso chandigwira?"

Phunziro lake ndi ili, anzanga: mwayi ukakufikira masanasana, yamba wafunsa mnzako ngati nayenso akuuona, usanayambe kugawa magule kwa akuluakulu.