Kiyi wa Kabati ndi Mabuku Opanda Zikuto

Lolemba

Wayilesi yandivula lero, dzuwa lili pamutu. Akuti mabuku anayi alowa mu mpikisano wa dziko lonse, lopambana adzalilengeza Lamulungu. Ndasiya kutakasa tiyi, ndatchera khutu kuti ndiwagwedezere mutu ngati anzanga akale. Maina ake nawa:

Mphepo Ilibe Kwawo
Mthunzi Wobwereka
Mlendo wa M'bandakucha
Phulusa la Dzulo

Ngakhale limodzi! Ine mphunzitsi amene Balaka yense amanditcha Amabuku, ine amene ndinagwerapo m'ngalande ya ku siteshoni chifukwa chowerenga ndikuyenda. Maina ngati nyimbo za pamaliro, ndipo sindinawamvepo chibadwire.

Choipa n'chakuti a Matola a ku positi amva nawo. Bambo ameneyu amawerenga nyuzipepala za anthu eni ake asanadzatenge, ndipo chiyambire chaka akulimbira kiyi wa kabati ya mabuku ya gulu lathu la owerenga, kiyi amene amakhala pa chingwe m'khosi mwanga. Lero anyengerera tcheyamani wathu, Che Jafali atelala, mpaka agamula: "Loweruka kuholo aliyense atiuze za mabuku anayiwo. Wowadziwa ndiye asunge kiyi."

Ndaseka pamaso pawo mpaka kutsokomola. Kabati imeneyo ndinaikhoma ndekha, mbewa zake ndinapha ndine. Kiyi sachoka.

Dongosolo: sukulu yatsekera, nthawi ilipo. Buku limodzi pa tsiku, Loweruka kumuphunzitsa Matola. Basi!

Lachiwiri

Ndayamba ndi kabati ya kuholo. Mulibe. Mabuku a kunyumba kuno ndiye sindingawafunse n'komwe, chifukwa alibe maina. Chiwatengereni aphunzitsi anzathu ena pa landirova ya apolisi chifukwa cha buku limene linapezeka pansi pa pilo, amake Rozina ali ndi lamulo lawo: buku lililonse lolowa m'nyumba muno limayamba ladutsa pa mbaula. Alamu anga ogwira ntchito m'sitima amabwera nalo kuchokera ku Limbe ine ndili ku sukulu, mayi amang'amba chikuto ndi tsamba loyamba, moto. "Sindidziwa loletsedwa ndi lololedwa," amatero, "koma buku lopanda dzina silimangitsa mwamuna wanga." Ndiye ndimawatcha ndekha: La Palafini, La Mayi wa Mchere, Lolumidwa ndi Mbewa, ndi ena otero.

Kusitolo ya mabuku ya ku mishoni kuli izi: mabuku a nyimbo, katekisimu, makorona, ndi buku la masamu limene ndikulidziwa kuposa amene analilemba. Nditatchula Mlendo wa M'bandakucha, asisitere andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Iyayi aphunzitsi, za alendo obwera nthawi zoterozo sitigulitsa kuno."

Pobwerera ndakumana ndi a Matola. "Mthunzi Wobwereka uja ndi wozama, eti aphunzitsi?" Ndatseka maso, ndagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndati "Mmm." Achita mantha, ndawaona ndi maso angawa. Mmm yekhayo! Nanga ndikadzatsegula pakamwa?

Tsiku limodzi lapita, buku palibe. Mawa awiri.

Lachitatu

Ku Kasupe, ku boma, akuti kuli bokosi la mabuku atsopano. Ndavala jekete, ndakwera basi, mtima uli m'malo.

Pa Liwonde, tisanawoloke Shire, anyamata a chipani a malaya ofiira akwera. "Makhadi!" Aliyense watulutsa khadi la chipani: amayi m'kansalu, agogo m'chipewa. Ine ndapisa m'jekete, m'thalauza, m'sokosi. Kenako ndakumbukira. Khadi langa lili kunyumba, m'kati mwa La Palafini, likusunga tsamba limene ndinalekezera!

Ndayesa kufotokoza kuti khadi lokhala m'buku ndi khadi lolemekezeka. Kamnyamata kamene ndikanakaphunzitsa a-e-i-o-u kayankha kuti, "Tsikani madala, mufotokozere pansi." Ndatsika, ndagula khadi lina, basi yapita ndi fumbi lake.

Kuti ulendo usapite pachabe ndagula nsomba. Andikulungira m'tsamba la buku. Ndaliwerenga mbali zonse ziwiri nditaima pa msewu: kasamalidwe ka nkhuku za mazira. Si Mphepo Ilibe Kwawo ameneyo.

Komabe tiyeni tinene zoona. M'Balaka monse muno, ndani wina ali ndi makhadi awiri a chaka chimodzi? Matola alibe.

Lachinayi

Ndafika ku Kasupe! Makhadi onse awiri m'thumba la kumtima, ndipo lero palibe amene wandifunsa. Dziko ili.

Bokosi lilipodi, ndaligwira ndi dzanja langali. Lokhoma. Wosunga kiyi wapita ku maliro ku Ntaja. Mesenjala wachifundo wandiuza kuti mwa anayiwo munali limodzi lokha, ndipo analibwereka ndi mkazi wa bwana wina wamkulu, kalekale mvula isanayambe. Wandilozera ndi nyumba yomwe. Ndaima pa geti. Galu wandiyang'ana, ine ndamuyang'ana. Munthu ungagogode bwanji pa nyumba ya bwana n'kunena kuti mayi abweze buku? Ana anga adakali aang'ono.

Madzulo sitima ya ku Limbe yabwera ndi uthenga wa alamu: mabuku anayiwo atha m'masitolo, chiwalengezereni pa wayilesi anthu akugula ngati shuga. Anthu amene dzana samadziwa kuti buku amatsegulira mbali iti!

Dongosolo latsopano: mawa mabuku anayi tsiku limodzi. Chotsala n'kuwapeza.

Lachisanu

Sapezeka. Ndakhala pa khonde m'mawa wonse, kiyi m'manja. Kunena zoona mtima ukundiwawa. Si chitsulocho ayi. Koma Loweruka lililonse ana ndi akulu amaima pamzere, ine n'kumasankhira aliyense buku lomuyenera, ndipo palibenso china m'tauni muno chimene anthu amandiimira pamzere. Matola adzakhoma kabati n'kumawerengera anthu mitu ya nkhani.

Matenda amene angandigwire mawa m'mawa:

malungo (koma amafuna thukuta)
dzino (Che Jafali ali ndi mlamu wozula)
kutsegula m'mimba (palibe amafunsa umboni)

Ndasankha omalizawo. Amake Rozina angomva, ati: "Chabwino abambo, ndikathyole masamba a nimu, mumwe kapu yodzaza." Ndachira nthawi yomweyo.

Ndiye ndatonthoza mtima ndi anzanga opanda maina. Ndabwereza La Palafini, nkhani ya mnyamata wobwereka njinga ya malume ake kuti akafunsire mbeta. Ndaseka pamene ndimasekera nthawi zonse. Ndatsegulanso La Mayi wa Mchere. Awa ndiye mabuku! A mpikisanowo akanadziwa kuwerenga akanasankha awa, osati zamphepo ndi zamaphulusa zawozo.

Mawa ndipita, ndikagwe nditavala tayi.

Loweruka

Lero! Lero!

Holo yadzaza, ena akusuzumira pa mawindo. A Matola ayamba, atanyamula nyuzipepala ya munthu wina. "Mthunzi Wobwereka," akutero, "ndi nkhani ya mnyamata amene abwereka njinga ya malume ake kuti akafunsire mbeta. Zotsatira zake owerenga adzadzionera okha."

Ndamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana. Njinga ya malume? Mbeta? Ameneyo ndi La Palafini! Wanga yemwe, amene anandigonera ndi khadi!

Che Jafali afunsa: "Nanga njingayo inabwerera kwa mwini wake?" A Matola ayang'ana m'nyuzipepala, atembenuza, ayang'ana kudenga. "Nkhani yake ndi yozama, atcheya."

Ndaimirira pang'onopang'ono, ndakonza tayi. Ndawauza kuti njinga inabwerera pamutu, yopanda tayala lakutsogolo. Ndawauza za apongozi amene anaikwera kupita ku chigayo osadziwa mabuleki, za mbeta imene inakwatiwa ndi wokonza njingayo. Ndayankhula mawu a malume, ndayenda kayendedwe ka apongozi. Holo yagwa ndi phwete, mayi wina mwana watsala pang'ono kupulumuka kumsana.

A Matola athawira ku Mphepo Ilibe Kwawo: mayi wamasiye woyenda ndi mchere m'midzi. La Mayi wa Mchere! Ndalilanda asanamalize mpweya. Pofika pamene mwana wake amukana pa msika, Che Jafali akupukuta maso ndi kansalu koyezera kolala. Atangoyamba kuwerenga za Mlendo wa M'bandakucha, ndazindikira: ndiye Lolumidwa ndi Mbewa. Mathero ake mbewa zinadya, koma ndani akudziwa? Ndawapatsa mathero anga, ndipo ndi abwino kuposa a mwini wake, ndikukhulupirira.

Atatu mwa anayi! Onse anali m'nyumba mwanga sabata yonseyi, ine ndikutsitsidwa m'mabasi ndi kuyang'anizana ndi agalu a mabwana!

Buku lachinayi, Phulusa la Dzulo, akuti ndi nkhalamba yokhala pa chitsa kukumbukira moyo wake. Nalonso ndalizindikira. Ndinaliyamba chaka chatha, nkhalambayo sinadzuke pa chitsapo masamba ambirimbiri, ndiye ndinalipatsa ntchito ina: lili pansi pa mwendo waufupi wa tebulo lodyera. Izo sindinanene. Koma poti mutu unali utakula, ndakweza chala, ndalengeza kuti: "Limenelo silingapambane. Ngakhale mbuzi ingalinunkhe n'kulisiya." M'manja mwaomba ngati mvula pa malata.

Che Jafali aima, athokoza m'chiyankhulo chawo. "Sikomo kwejinji, aphunzitsi. Kiyi akhale pamene ali."

A Matola atuluka mwakachetechete kukabweza nyuzipepala ya eni. Ine ndabwera kunyumba ndi gulu kumbuyo. Ndawagwira dzanja amake Rozina pamaso pa ana, ndati mayi inu, mwang'amba zikuto za mabuku otchuka m'dziko lonse. "Ndiye mwamangidwa?" atero. "Khalani pansi mudye."

Amabuku ndine. Afunse Balaka!

Lamulungu

Tabwera kuchokera ku Misa, ndatsegula wayilesi, ana ndawakhazika chete kuti amve bambo awo akulosera molondola.

Lapambana ndi Phulusa la Dzulo.

Ndatseka wayilesi. Rozina wafunsa ngati ndi lija la mbuzi. Ndamutuma kukatunga madzi.

A Matola adutsa pa njinga, aliza belu kawiri, ati, "Mbuzi zili bwanji, aphunzitsi?" Che Jafali atumiza mawu kuti zogamulidwa zagamulidwa, kiyi ndi wanga, koma Loweruka likudzali anthu akufuna ndiwafotokozere buku lopambanalo.

Ndiye ndagwada, ndatukula tebulo, ndalisolola. Lili ndi dzenje la mwendo pakati. Ndawerenga tsamba limodzi, lachiwiri. Nkhalamba ikadali pa chitsa. Ndayasamula mpaka nsagwada kulira. Pamenepo amake Rozina aika tiyi, tebulo lapendekeka, kapu yatayikira pa thalauza langa la ku tchalitchi.

"Abambo, bwezerani chinthucho pamalo pake."

Ndabwezera. Loweruka ndidzaona chonena, mwina nkhalambayo ndidzaidzutsa ndekha. Pakali pano kiyi ali m'khosi, makhadi awiri ali m'thumba, ndipo buku lopambana m'dziko lonse lili pansi pa mwendo wa tebulo langa. Tebulo silikugwedezekanso.