Uthenga wa Tadala unafika kwa alimi onse

Abale inu, mpaka lero foni ikalira m'mamawa mtima umangoti phaa! Imvani zimene zinandigwera.

Ine ndimathandiza gulu la alimi a mbatatesi ku Kaphuka pa za makompyuta. Wapampando wake, mayi Nachisale, anandipempha kuti alimi azilandira uthenga wa zanyengo pafoni m'mawa uliwonse. Ndinati zazing'ono izo. Ndinalemba kapulogalamu koti nthawi ikakwana kaziwerenga uthenga m'failo n'kutumiza kokha, ine ndili phee. Pa laputopu yanga ya Windows kanayenda bwinobwino, ndiye ndinakasamutsira pa seva, kompyuta ya pa intaneti yoyendera Linux imene gululo limabwereka, n'kuyesa ndi nambala ya chibwenzi changa Tadala. Uthenga wake? "Wadzuka bwanji wapamtima? Ine ndimangolota iwe."

Tadala analandira, ine n'kudziguguda pachifuwa. Kenako ndinaikapo failo ya uthenga weniweni, poganiza kuti yafufuta yakale ija poti dzina ndi limodzi. Osadziwa kuti Windows siisamala za chilembo chachikulu kapena chaching'ono pa dzina la failo, koma Linux imasamala! Yatsopano inali "Uthenga", yachikondi ija "uthenga", ndipo kapulogalamu kanga kamafuna ya chilembo chaching'onoyo. Ngati zimenezo sizokwanira, pokonza nthawi ndinasiya kachizindikiro ka nyenyezi pamalo polembapo mphindi, kutanthauza kuti kazitumiza mphindi iliyonse. Ndinalowetsa manambala a alimi onse n'kutseka laputopu.

M'mawa mwake ndili mu minibasi kupita ku Linthipe, laputopu ndasiya kunyumba, foni inalira. Anali a Mbewe, bambo ake a Tadala, amenenso ali m'gululo. Chinkhoswe chathu chinali chitayandikira.

"Bambo, tamva kuti mumatilota," anatero mofatsa. "Tamva ndithu. Koma mpaka kubwereza chonchi? Batire likutha kuno."

Mayo ine! Thukuta m'chisanu cha Dedza munalionapo? Ndinatsikira panjira n'kukwera kabaza kubwerera, mayi Nachisale akuimba, ine osayankha, ndiyankha chiyani? Kufika kunyumba netiweki palibe. Ndinathamangira pachulu cha kuseri kwa khola, laputopu m'manja ngati mbale ya chopereka, mpaka ndinakazimitsa kachilombo kangako.

Masana anandiitana ku msonkhano wa gulu. Ndinapita ndikudziwa kuti ntchito yatha, mwina ndi chinkhoswe chomwe. Ndinamva kuti mayi wina anali atalanda kale foni ya amuna awo n'kuyamba kulongedza, mpaka anansi anabwera aliyense ndi foni yake ikulota chimodzimodzi. Ndinagwada n'kupepesa, anthu akungogwetsana ndi phwete, a Mbewe akupukuta misozi ndi chipewa.

Mayi Nachisale anati, "Ntchito mupitiriza, koma za maloto muzisiya kunyumba."

Mtima uli m'malo, mayi wina wamasiye wachikulire anakweza dzanja.

"Mwana wanga, chimwalirireni bambo akunyumba, palibe anandifunsapo kuti ndadzuka bwanji. Za mvulazo timaona tokha kumwamba. Mawa unditumizirenso uja wa lero, koma kamodzi kokha."

Ndinalumbira pomwepo kuti sindidzayesanso pulogalamu ndi mawu ochokera mumtima. Masiku ano ndimangolemba kuti "kuyesa", ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndapemphera.