Kapado wa Soya mu Felempani ya Che Jafali

Mpaka lero ndikamva fungo la nyama yofutsa ndi utsi, m'malo moti malovu adzaze m'kamwa ngati munthu wabwinobwino, ine mtima umangoti phaa. Zinachitika mu Ogasiti wa 2016 ku Hor Al Anz, mu mzinda wa Dubai, ndipo ndineneretu kuti palibe amene anandituma. Ndinaziputa ndekha.

Nthawi imeneyo ndinkatsuka mbale pa kalesitilanti kena ku Jumeirah Village Circle, koma ndinkagona ku Hor Al Anz, mu fuleti ya zipinda ziwiri momwe tinkapanikizanamo amuna asanu ndi awiri. Mkulu wa fuletiyo anali Che Jafali, dalaivala wa ku Mangochi, bambo wa ndevu zoyamba imvi, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Tsiku limene anandionetsa bedi langa anandipatsa malamulo awiri okha.

"Mphwanga, muno mowa ayi, nkhumba ayi. Zina zonse tidzikambirana."

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Malo ngati amenewo, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya metro, pakati pa anthu oti ukapunthwa akuuza "pepa" m'Chichewa, suwapeza kawiri.

Koma ine ndine wa ku Lizulu. Ndinakulira pa chiwaya cha kapado, nyama ya nkhumba yokazinga mpaka kufiirira, kamchere ndi tsabola pambali. Patatha chaka ndi theka ndisanalaweko, ndinayamba kumulota. Inde, nkhumba imagulitsidwa ku Dubai, m'kachipinda kobisika kuseri kwa masupamaketi ena, koma ndikanakaiphikira kuti? Pamsewu?

Tsiku lina kuntchito ndinamva fungo limene linandiimitsa ndi mbale m'manja. Ndinalilondola mpaka kwa Rodel, wophika wathu wa ku Philippines, amene ankatembenuza tizidutswa tofiirira topyapyala.

"Rodel, ufuna utitseketse lesitilanti? Nkhumba muno?"

Anaseka. "Habibi, uyu ndi tofu. Ndi wa soya. Makasitomala osadya nyama amamutcha bekoni, dzina la nyama ya nkhumba yofutsa ija."

Ndinalawa kamodzi. Abale anga, sindinganame kuti anali kapado, koma anali msuweni wake. Rodel anandifotokozera zonse: ugule tofu wolimba, umufinye madzi onse atuluke, umudule mopyapyala, umunyike mu sosi wa soya ndi uchi wa zipatso za tende pang'ono. Kenaka anandipatsa kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso. Akuti munali madzi a utsi, utsi weniweni wa nkhuni wosandutsidwa madzi.

"Madontho atatu okha," anatero, atakweza zala zitatu. "Atatu. Wamva?"

"Khalas, basi, ndamva," ndinayankha. (Sindinamve.)

Ndinasankha Lachisanu, tsiku langa lopuma. Ndinkadziwa kuti Che Jafali ndi anzawo akapita ku mzikiti kukaswali Juma, fuleti imatsala zii kwa maola awiri. Wotsala anali Mwale yekha, mnzathu wa ku Chipata ku Zambia, mlonda wa usiku, amene masana ankagona ngati chipika. Sikuti ndinkabisa, chifukwa soya si haramu, Asilamu saletsedwa kudya. Kungoti sindinkafuna mafunso.

Cholakwa choyamba chinachitikira m'sitolo. Tofu analipo wa mitundu iwiri, ndipo ine ndinatenga wa paketi yokongola. Nditafika kunyumba ndinamukulunga m'kansalu, n'kumuika m'mbale, n'kuyamba kufunafuna cholemera choti ndimupsinjire. Maso anagwera pa chigubu cha madzi akumwa, chija chachikulu timachita kunyamulira paphewa. Ndinachikweza, n'kuchikhazika pamwamba.

Phwaa!

Anali tofu wofewa uja. Anathawira mbali zonse ngati chambiko: pakhoma, pa chitseko cha firiji, pa malaya anga, wina mpaka mu nsapato za munthu wina pakhomo la khitchini. Ndinatha mphindi makumi awiri ndikukolopa. Ndinathamangiranso kusitolo pa dzuwa lija la Ogasiti, lija limakumenya ngati uli nalo chifukwa, n'kugula wolimba. Uyu anapirira chigubu ngati mwamuna. Nyansi zonse, nsanza ndi mapaketi onse awiri, ndinaziika m'jumbo n'kutsika kukaziponya mu chibini chachikulu cha panja, kuti pasatsale umboni wa uchitsiru wanga. (Pamenepa ndinkadziona wochenjera kwambiri.)

Ndinadula tofu bwinobwino, n'kumunyika mu sosi. Ndinadonthezamo madontho atatu a utsi, n'kununkhiza. Ndinaona ngati sizikumveka. Ndinaganiza kuti madontho atatu ndi a azungu a mphuno zanthete. Mwana wa ku Lizulu amafunika utsi wa ku Lizulu. Ndinagwedeza kabotolo mwamphamvu, kachotsekera kamkati n'kugweramo, theka la botolo n'kutsatira. Uchi wa tende nawo ndinathira mowolowa manja, poti zinthu zikalakwika mbali imodzi, ine ndimakonda kuzilakwitsa mbali zonse kuti zifanane.

Kenaka nkhani ya pokazingira. Kapoto kanga kanali kopyapyala ngati chitini cha sadini. Pakhoma panali felempani yachitsulo ya Che Jafali, yakuda, yolemera, imene ankakazingira nsomba ndi chapati. Palibe ankaigwira. Panalibe lamulo loletsa, koma aliyense ankangodziwa. Ndinati ndingobwereka mphindi khumi, nditsuka, ndibwezera.

Tizidutswa titangogwera m'mafuta, khitchini yonse inasanduka msika wa Lizulu. Ndinatseka maso, misozi ili lengelenge. Nditawatsegula, uchi uja unali utayamba kupserera, utsi wakuda ukukwera, ndipo tofu anali atamatirira pa felempani ngati phula. Mawindo anali otseka chifukwa cha kutentha, choncho makina oziziritsa m'nyumba anatenga fungolo n'kuligawa mwachilungamo m'zipinda zonse, m'mabedi, m'zovala, mpaka pa mikeka yoswalira.

Ndipamene ndinamva kiyi pachitseko.

Che Jafali analowa atavala mkanjo woyera, ndipo sanali okha. Kumbuyo kwawo kunali mlamu wawo, Che Amidu, mchimwene wa akazi awo, amene anali atangofika kumene kuchokera kumudzi. Ndinamva pambuyo pake kuti njira yonse ankamuuza mlamuyo mmene fuleti yawo inalili ya ulemu, yoti ngakhale Akhristu okhalamo amasunga mwambo.

Anaima pakhomo la khitchini. Anayang'ana utsi, anayang'ana felempani yawo, anayang'ana ine.

"Mphwanga, chimenecho n'chiyani?"

Tsono apa ndi pamene ndimadzifunsa mpaka lero. Ndikanatha kunena kuti soya. Mmalawi aliyense amadziwa nyama ya soya, tonse inatilera kusukulu. Koma mlomo wanga, mwina chifukwa cha utsi, mwina chifukwa cha kunyada kwa wophika watsopano, unangoti:

"Bekoni."

"Astaghfirullah!" anatero Che Amidu, akubwerera chambuyo atatseka mphuno ndi kofia.

Che Jafali sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti motsitsa, "Mu felempani yanga. Pa Lachisanu. Khalas, mphwanga. Mawa ukhale utapeza kwina."

"Ayi, akuluakulu, si nkhumba! Ndi bekoni wa soya!"

"Ndiye ndi bekoni kapena ndi soya?" anafunsa Che Amidu ali kukhonde.

"Zonse ziwiri!"

"Alamu, mukumva? Wasakaniza," anatero Che Amidu.

Ndinalumbira, ndinatchula mayi anga, ndinawaonetsa kabotolo ka utsi, koma kameneka kanangoipitsa zinthu chifukwa pachikuto pake anajambulapo nthiti zowotcha. Ndinaimbira foni Rodel kuti andichitire umboni. Sanayankhe, linali tsiku lotanganidwa kulesitilanti. Che Jafali anati, "Ngati ndi soya, paketi yake ili kuti?"

Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndinatsika masitepe, n'kukakwera chibini cha panja, nthawi ili cha m'ma thu koloko masana. Chitsulo chake chinkaotcha ngati mbaula. Amphaka a m'deralo anaima chapatali akundiyang'ana ngati ndawalanda ntchito. Majumbo onse anali ofanana, ndipo ndinatsegula asanu ndi limodzi a eni ake ndisanapeze langa. (Anthu a mu nyumba ija amadya nsomba kwambiri. Ndingonena zimenezo.) Mlonda wa nyumbayo, bambo wa ku Pakistan, anatuluka m'kachipinda kake.

"Bhai, wataya foni?"

"Ayi, ndataya paketi ya tofu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera mkati.

Ndinakwera ndi mapaketi anga awiri, thukuta lili kamukamu, ndikununkha kuposa mlandu wanga. Che Amidu anawagwira ndi nsonga za zala n'kuwerenga. Anavomera kuti palembedwa soya. Koma munthuyu akanakhala loya.

"Izi zikungosonyeza kuti unagula soya. Sizikusonyeza kuti chili mu felempanimu ndi soya. Mphuno yanga ikunena zina."

Zoona, panalibe Msilamu amene akanalawa kuti atsimikize. Panafunika munthu woidziwa nkhumba, wosaiopa, komanso wosandikondera. Che Jafali anapita kukagogoda pa bedi la Mwale.

Mwale anatuluka atavala kabudula, diso limodzi lotseka. "Ni chani manje? Nyumba yapsa?"

Anamufotokozera. Anakanda pamimba, n'kutenga mpeni, n'kupala kachidutswa kamodzi pa felempani. Anatafuna. Nkhope inakwinyika pang'onopang'ono ngati ya mwana amene wamwetsedwa kwinini. Anathamangira ku sinki, analavula, anachukucha m'kamwa kawiri.

"Ba Jafali, ine nkhumba nadya kuchokera nili mwana. Ya ku Chipata nadya, ya ku Katete nadya, na yodwala nadyako. Iyi si nkhumba. Nkhumba olo uitenthe bwanji siingaipe so. Ichi chili monga tayala yothira shuga."

Anabwerera kukagona.

Kenaka mapewa a Che Jafali anayamba kugwedezeka. Anayesa kubisa ndi dzanja, koma zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pa chigubu cha madzi. Che Amidu nawonso anagonja, ngakhale anasekera kukhonde komweko, osalowa.

Ine ndinaima pakati pa khitchini osadziwa kuti ndisangalale kapena ndikwiye. Bedi langa linapulumuka, inde, koma linapulumuka chifukwa chakuti mboni yatsimikiza pamaso pa anthu kuti sindidziwa kuphika.

Atapukuta misozi, Che Jafali anandiitana pafupi. Analankhula motsitsa kuti mlamu wawo asamve.

"Mphwanga, ukanandiuza. Kulakalaka za kwanu si tchimo. Ine usipa wa ku Makawa ndimaulota mpaka kudzuka ndikutafuna. Koma felempani ukanapempha."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa chibini chija. Ndinatha madzulo onse ndikupala felempani ndi mchere ndi waya, ndipo sabata yonse ndinachapa mikanjo ya anthu, chifukwa Che Jafali akuti abwana awo anawafunsa m'galimoto ngati ayamba kusuta fodya. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa mu fuletimo linasintha, ndinakhala Che Bekoni, ndipo ngakhale Che Amidu atapeza ntchito ku Al Furjan ankatumiza moni kuti, "Mumupatse moni wophika matayala."

Ngati pali chimene ndinatolapo, n'chakuti munthu akakufunsa chimene chili mu poto, uzitchula chimene unaikamo, osati chimene unkalakalaka chitatulukamo. Za kuphikazo sindinaphunzire kanthu. Ndinayesanso kawiri konse kwa mnzanga wina ku Deira, ndipo ulendo wachiwiriwo mkazi wake anandipempha mwaulemu kuti ndikamabwera, ndizingobwera ndi buledi.