Mtedza Wokana Kugawika

Amene akuti ndikunama adzuke pabenchipo, apalase njinga mpaka ku Zemba akafunse za ine Zakeyo. Chaka chimenecho mtedza unabereka mpaka mbewa zinapempha tchuthi, ndipo ine, pokhala ndi akazi awiri osamwerana madzi, NaBanda ndi NaMbewe, ndinalumbira pagulu kuti ndiwagawira njere ndi njere, pasapezeke wonena kuti ndimakondera. Ndinaswa ndekha, n'kuwerenga ndekha, ndevu n'kumera, n'kufika pansi, nkhuku n'kuikiramo mazira, n'kuswa anapiye, ine ndikuwerengabe. Zinakwana njere miliyoni imodzi ndi zitatu. Mukumva?

Kugawa pawiri, inatsala imodzi. Kanjere kamodzi! NaBanda akuti wamkulu ndine, NaMbewe akuti wopalira ndinali ine, ndipo aliyense wamangiratu katundu kuti kakangopita kwa mnzakeyo, iye ulendo wa kwawo. Mlamu wanga anati, “Alamu, ingotafunani kameneko nkhani ithe.” Ndinamuseka kwambiri. Katswiri ngati ine, kuthetsa samu ndi mano?

Nzeru zinandibwerera: yakana pawiri, ilola patatu. Ndinakwera njinga wa ku Mlolo, pobwera ndili ndi mkazi wachitatu pakaliyala, kugawa, kutsalanso imodzi. A mpingo anandidula, ine osatekeseka, ndinakwatira wachinayi, kutsala zitatu, wachisanu, zitatunso, wachisanu ndi chimodzi, imodzi, wachisanu ndi chiwiri, zinayi, mpaka njinga inazolowera n'kumapita yokha kukafunsira mbeta, ankhoswe n'kumaima pamzere ngati kuchipatala, minibasi za ku Chipata n'kutsegula siteji pakhomo panga. Ndikanama ine chindimenye chiphaliwali pompano!

Miyendo itatopa ndinapita kuboma kwa mphunzitsi wa masamu. Anagawa, anagawa, choko chinatha, bolodi linafuka utsi.

“Madala,” anatero akupukuta thukuta, “nambala yanuyi ndi ya gulu lija louma mutu. Ngakhale mukwatire Chadiza yense, sigawika. Imalola njira ziwiri basi: akazi miliyoni imodzi ndi atatu, aliyense kanjere kake, kapena munthu mmodzi atenge zonse.”

Mukuganiza ndinagwa mphwayi? Ndinabwerera ndikuwerengera mbeta zotsala mpaka kutsidya kwa malire, kuti mwina miliyoniyo n'kukwana. Kufika pakhomo, zii. Siteji yasamuka, mitondo palibe, ngakhale galu palibe. Anansi anandiuza kuti NaBanda ndi NaMbewe, amene chikwatiwire anali asanagwirizanepo kanthu, anatsogolera anzawo onse atagwirana manja, akuimba. Mtedza sanatengeko ngakhale khoko. Ndinakhala pachitsa n'kulira ngati mwana, sindibisa.

Koma wonena kuti samu ija inandikanika ndi wabodza. Inagawika bwinobwino, osatsala ngakhale kamodzi: zonse kwa ine. Mpaka lero ndikukazinga ndekha, ndipo mano otafunira anatha kalekale.